Bedford ya malemu bambo: ndisunge maekiselo ake kapena ndiike a Isuzu?

Bambo Likaka, Luchenza

Moni nonse akuluakulu a pa gulu lino. Ndabwera ndi nkhani ya lole imene malemu bambo anga anandisiyira, Bedford J5 ya m'zaka za m'ma 1960, yomwe yakhala pa zitsa kuseri kwa nyumba kuno ku Luchenza kwa zaka 12. Injini yake ya dizilo, ija ya 330, inang'ambika buloko, ndipo amakaniko awiri amene anaiona anagwirizana kuti singadzukenso. Chasisi chokha ndi chabwino, chifukwa nditapala dzimbiri sindinapeze mng'alu kapena malo opindika, ndipo mutu wake ukufunika kuwotcherera pansi pokha pamene mapazi amaponda.

Mwezi watha ndinagula injini ya Isuzu 4BD1 pamodzi ndi giyabokosi yake ya magiya 5, zochokera mu lole ya NPR imene inaphwanyika mutu pa ngozi. Mwini wake akundiumiriza kuti nditengenso maekiselo onse awiri ndi malimu ake 6 a mainchesi 16, ati ndikaika zonse za Isuzu pansi pa Bedford sindidzavutikanso ndi zipangizo. Ntchito imene ndikufuna lole iyi izigwira ndi kututa nthochi ndi nkhuni kumbali ya Thekerani, zinanazi ku Mulanje, n'kumakatula ku Limbe, katundu wa matani 3 kapena 4. Kunena zoona ndikufunanso kuti izioneka monga inkaonekera bambo akuiyendetsa. Funso langa ndi lakuti, ndisunge maekiselo a Bedford ndi matayala ake a 8.25-20, kapena ndimvere wogulitsayo?

Mayi Nakoma, Bvumbwe

Bambo Likaka, ine ndiyankha monga munthu amene amalipira matayala ndi ndalama za kabichi ndi tomato. Ndili ndi malole awiri ang'onoang'ono oyenda pa 7.50-16, ndipo tayala limeneli mulipeza ku Limbe, ku Luchenza konko, ngakhale ku Muloza, latsopano kapena logwirako kale ntchito. La mainchesi 20 likusowa chaka ndi chaka, ndipo mukalipeza mtengo wake ndi woliza. Lole imene yaima masiku atatu podikira tayala yawoletsa kale nthochi. Tengani maekiselo a Isuzu, maonekedwe sadyetsa ana.

Yamikani, Limbe

Bambo, ine ndikuona kuti musunge matayala aakuluwo chifukwa Bedford pa matayala a 16 imaoneka ngati munthu wamkulu wovala nsapato za mwana, koma difu, magiya a pakati pa ekiselo yakumbuyo amene amazungulitsa matayala, musinthe. Malole akalewa ankangolira osayenda. Kuno ndaonako difu ya 4.875 ikugulitsidwa, ndipo mukaiika pamodzi ndi giya yachisanu ya Isuzu muzidutsa mabasi pa msewu wa Midima, mafuta osamwa kwambiri.

Bambo Namakhwa, Chitakale

Achimwene a ku Luchenza, musanagule kanthu kalikonse kapena kudula chitsulo chilichonse, pali manambala amene mukuyenera kukhala nawo m'manja, chifukwa mpaka pano tikukangana pa zinthu zimene palibe waziyeza. Nambala yoyamba ndi ya difu ya Bedford yanuyo. Simufunika kuitsegula kuti muidziwe. Ikani giya pa fili, tchingani matayala akutsogolo ndi miyala, kwezani mbali imodzi yokha yakumbuyo ndi jeke, ndipo lembani chizindikiro cha choko pa tayala ndi china pa propshaft, chitoliro chochokera ku giyabokosi kupita ku difu. Zungulitsani tayalalo kawiri kathunthu uku mwana akuwerenga maulendo amene propshaft yazungulira. Nambala imene apeze ndiyo ya difu. Timazungulitsa kawiri chifukwa tayala la mbali inayo likakhala chilili pansi, timagiya ta m'kati mwa difu timachititsa kuti lokwezedwalo lizizungulira mowirikiza. Mukachitenso chimodzimodzi pa ekiselo ya NPR ija, kapena muone ngati pali manambala odindidwa pa chitsulo chake.

Kenaka muyeze ndi tepi kutalikirana kwa masipuling'i pa chasisi cha Bedford, kutsogolo ndi kumbuyo, muyerekeze ndi malo amene masipuling'i amakhala pa maekiselo a Isuzu. Ekiselo yakumbuyo siivuta kwenikweni, chifukwa timipando ta masipuling'i timadulidwa n'kuwotchereredwa pena, bola wowotcherera azichita pang'onopang'ono mosinthasintha mbali kuti chitsulo chisapindike ndi moto. Yakutsogolo ndiyo ilibe chipongwe. Imeneyo ndi chitsulo chosulidwa chathunthu ku fakitale, timipando take n'tobadwa nato, ndipo munthu amene angakuuzeni kuti aitenthe, aidule kapena aiwonjezere mumuthawe. Komanso NPR ndi lole imene woyendetsa amakhala pamwamba pa injini, bokosi la chiwongolero lili kutsogolo kwa tayala, pamene Bedford J ili ndi boneti ndipo bokosi lake lili malo ena. Ngakhale kuti onse awiri chiwongolero chili kumanja, popeza ku Britain ndi ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu monga ife, mkono wokoka tayala sugwirizana pokhapokha mutasintha zinthu zambiri, ndipo zikalakwika lole imakhota yokha ikagunda dzenje.

Bambo Likaka, Luchenza

Zikomo Bambo Namakhwa. Ndachita zimenezi madzulo ano ndi mwana wanga wamkulu. Pa Bedford propshaft yazungulira ka 6 n'kutsala pang'ono kukwanitsa ka 7. Ndaimbiranso wogulitsa uja, ndipo akuti pa difu ya NPR padindidwa 41 ndi 7. Za masipuling'i ndiyeza mawa kukacha.

Aphunzitsi Mulima, Mulanje boma

Ndiloleni ndilowererepo ndi masamu, popeza ndiyo ntchito imene ndimadyera. Manambala 41 ndi 7 ndi mano a magiya awiri a mu difu, lalikulu ndi laling'ono, ndipo tikagawa tipeza 5.86. Ya Bedford ndikuganiza kuti ndi 6.8, malinga ndi mmene mwawerengera. Munthu akangoona manambala awiriwa aganiza kuti ekiselo ya Isuzu ndi yothamanga kwambiri kuposa ya Bedford, koma nambala ya difu payokha sinena kanthu tisanadziwe kukula kwa tayala limene ikuzungulitsa, chifukwa tayalalo nalonso ndi giya.

Tayala la 8.25-20 likazungulira kamodzi lili ndi katundu limayenda pafupifupi mamita 2.95, pamene la 7.50-16 limayenda pafupifupi mamita 2.45. Mukhoza kutsimikiza nokha polemba choko pa tayala ndi pansi, n'kukankha lole mpaka chizindikiro chibwerere pansi, kenaka n'kuyeza. Tsono pa kuzungulira kumodzi kwa propshaft, Bedford iyenda 2.95 kugawa ndi 6.8, amene ndi masentimita 43, ndipo NPR iyenda 2.45 kugawa ndi 5.86, amene ndi masentimita 42. Kusiyana kwake sikukwana n'komwe magawo 4 pa 100 alionse. Tanthauzo lake ndi lakuti akatswiri a Isuzu amene anasankhira injini imeneyi difu ndi tayala anafika pa yankho limene ekiselo ya Bedford ikupereka kale. Injiniyo sidzazindikira n'komwe kuti yasamukira m'nyumba ina, ndipo ngakhale wotchi ya liwiro, ngati mugwiritsa ya Isuzu, izidzanama pang'ono chabe, kuonetsa 67 kapena 68 pamene mukuyenda makilomita 70 pa ola.

Chimene chinkachititsa Bedford kulira osayenda, monga wanenera Yamikani, si difu yokha ayi. Giya yake yomaliza inali yoti injini ikazungulira kamodzi propshaft nayonso kamodzi, ndipo injini ya 330 sinkapitirira patali maulendo 2,600 pa mphindi. Tikachulukitsa 2,600 ndi 2.95 ndi 60, n'kugawa ndi 6.8 ndi 1,000, tipeza makilomita 68 pa ola, injini ili pakhosi. Giyabokosi ya Isuzu ili ndi giya yachisanu ya pafupifupi 0.8, kotero pa difu yomweyo ndi tayala lomwelo, makilomita 70 pa ola akufuna maulendo 2,150 okha pa mphindi, ndipo injini ikafika 2,800 lole ili pa 91. Sindikukhulupirira kuti alipo pano amene akufuna kukwera lole ya zaka 60 yothamanga kuposa pamenepo.

Yamikani, Limbe

Aphunzitsi, masamu ndawamva, koma kodi injini ikamazungulira pang'onopang'ono si ndiye imamwa mafuta ochepa? Pa 4.875 ingamazungulire mocheperapo kwambiri.

Aphunzitsi Mulima, Mulanje boma

Ingamazungulire maulendo 1,540 pa makilomita 70, Yamikani, ndipo pamenepo injini ya malita 3.9 yopanda tebo, yokoka matani 7 ndi theka a lole pamodzi ndi katundu wake, ilibe mphamvu yokwanira. Woyendetsa amaponda mpaka pansi, utsi wakuda uli tolotolo, kamtunda kakang'ono kalikonse n'kubwerera ku giya yachinayi. Giya yachisanu ikhoza kukhala yokongoletsera chabe. Mafuta amapulumuka injini ikamagwira ntchito pamalo pamene ili ndi nyonga, osati pamene ikubanika.

Vuto lalikulu koma lili ponyamuka pa mtunda. Tiyerekeze kuti injini ikupereka mphamvu yopotokola ya 250 Nm, giya yoyamba ndi pafupifupi 6, ndipo magawo 15 pa 100 akutayika m'magiya ndi m'mabering'i. Pa difu ya 6.8 ndi tayala lalikulu, mphamvu yokankha pansi ikufanana ndi makilogalamu 1,880, ndipo tikachotsa ya kukaniza kwa msewu wafumbi, lole ya matani 7 ndi theka ikhoza kukwera mtunda wokwera mamita 22 pa mamita 100 alionse. Pa 4.875 mphamvuyo itsika kufika makilogalamu 1,350, mtunda wake mamita 15 okha. Pa phula la ku Limbe kusiyana kumeneku simungakumve, koma mukaima pakati pa chitunda cha m'minda ya nthochi kuti mupakire mikoko ina, imene idzalipire kusiyanako ndi kilatchi.

Agogo Makwinja, Makwasa

Ndikulemba kudzera mwa mdzukulu wanga chifukwa maso anatopa. Ine ndinayendetsa Bedford pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo kwa zaka zoposa 20, kututa masamba kupita ku fakitale ndi nkhuni za bulugamu zowotchera, ndiye mwana wanga wa ku Luchenza undimvere. Anzako onse akukamba zokwera ndi zothamanga, koma lole sipha munthu pokwera. Imapha potsika.

Msewu wa ku Thekerani ukapitirira n'kuyamba kutsetserekera kuchigwa cha Shire, kumbali ya Muona, mtsetse wake ndi wautali ndipo uli ndi makhotakhota. Mabuleki a madiramu akatentha amaleka kugwira, phazi limangofika pansi ngati ukuponda phala. Chimene chinkatisunga ndi difu yolemera ija mukuinyozayi, chifukwa ukaika giya yachiwiri injini yokha inkagwira lole, buleki n'kumangokhudza mwa apo ndi apo. Lamulo limene azungu a ku galaja ankatiuza, ndipo ifenso tinkauza anyamata, linali lakuti giya imene wakwerera phiri ndi yomweyo utsikire. Ukaika difu yopepuka ya mwana wa ku Limbeyo, injini sigwiranso kanthu, ntchito yonse itsalira mabuleki.

Tinali ndi lole ina imene inali ndi ekiselo ya Eaton ya maliwiro awiri, yosintha ndi kabatani pa ndodo ya giya. Inali yabwino kwambiri chifukwa giya iliyonse inkakhala ndi mng'ono wake, koma mnzanga wina anaisintha ali pa mtsetse, difu inakana kulowa n'kutsala pakati, lole inangomasuka ngati ili pa fili. Anaipulumutsa poikhulitsa ku chigumula cha m'mbali mwa msewu, wothandizira wake atadumpha kale. Ukaipeza ekiselo yotere kwa ogulitsa zitsulo zakale, usaitengere kukoma kwa dzina, zipangizo zake zosinthira n'zosowa tsopano.

Za matayala ang'onoang'ono, mayi a ku Bvumbwe akunena zoona pa mtengo, koma iwo amayenda pa phula. Chiperoni chikagwa masiku atatu dothi lathu lofiirali limasanduka sopo, mathirakitala amakumba mikwasa iwiri pakati n'kutsala msana, ndipo lole ya matayala aafupi imakhalira mimba pamsanapo matayala akungozungulira m'mwamba. Bedford inkadutsa pamene ena ankafuna kukokedwa.

Mayi Nakoma, Bvumbwe

Agogo, mawu anu ndawalandira, ndipo n'zoona kuti anyamata anga nthawi ya mvula salowa m'minda, alimi amatulutsira okha katundu kumsewu. Komabe funso la matayala a mainchesi 20 silinayankhidwe. Bambo Likaka adzawapeza kuti, ndipo kwa zaka zingati?

Bambo Chikopa, Limbuli

Limenelo ndiyankhe ine, mayi, popeza ndakhala ndikumata ndi kupopa matayala pafupi ndi chipata cha Muloza kuyambira ndili mnyamata. Tayala la 8.25-20 silinathe, likubwerabe kuchokera ku India ndi ku China, kungoti silipezeka pa sitolo iliyonse, ndiye munthu wanzeru amayenda ndi lapadera labwino n'kusunga lina kunyumba. Muyang'anenso manambala olembedwa m'mbali mwa tayala. La 7.50R16 lamphamvu kwambiri nthawi zambiri limalembedwa 122/118, kutanthauza makilogalamu 1,500 likakhala lokha ndi 1,320 likakhala pawiri, kotero anayi akumbuyo anyamula makilogalamu 5,280. La 8.25R20 lolembedwa 136/134 limanyamula 2,240 lokha ndi 2,120 pawiri, anayi akumbuyo 8,480. Bedford ndi yolemera kale payokha kuposa NPR, ndipo mukaikapo matani 4 kulemera kwa kumbuyo kukhala kukugunda malire a matayala ang'onowo tsiku lililonse. Tayala logwira ntchito pa malire ake limatentha ndi kuphulika msanga, ndiye kutchipa kuja kumathera pomwepo.

Chimene ndikufuna kuchenjeza kwambiri ndi malimu. Malimu akale a mainchesi 20 ndi aja a chubu, okhala ndi mkombero wachitsulo wotsekera m'mbali. Mkombero umenewu ukakhala wadzimbiri, wopindika, kapena wochokera pa limu ya mtundu wina, umatha kufwamphuka popopa, ndipo mphamvu yake imaswa mutu wa munthu. Ndinaona ndi maso anga mkombero utaboola denga la malata pamalo ena pamene ndinkaphunzira ntchito, mwamwayi mnyamata wopopayo anali atapita kukatenga madzi. Malimu amene akhala pa zitsa zaka 12 muwachotse matayala onse, muwapale, mubwere nawo tiwaone limodzi limodzi. Popopa timawaika mu khola lachitsulo, kapena kuwamanga unyolo mkombero utayang'ana pansi, ndipo pomasula matayala apawiri timayamba taphwetsa onse awiri.

Njira ina ya m'tsogolo ilipo. Tayala lopanda chubu la 9R22.5 ndi lotalika pafupifupi mofanana ndi 8.25-20, kotero masamu a aphunzitsi sasintha, ndipo limu yake ndi yathunthu yopanda mkombero. Vuto ndi kupeza limu yogwirizana ndi mabawuti anu. Malole a ku Ulaya a mabawuti 8 amakhala ndi mabowo otalikirana mamilimita 275 kuchokera pa bowo lina kufika pa loyang'anizana nalo, pamene a ku Japan a mabawuti 8 ndi 285. Poyang'ana ndi maso zimaoneka zofanana, ndipo alipo anthu amene amakuza mabowo ndi tupa kuti zilowe, kenaka mabawuti n'kumaduka limodzi limodzi pa msewu. Muonenso kakhalidwe ka nati pa bowo, chifukwa malimu akale amakhazikika pakati ndi mapewa a manati, pamene ambiri atsopano amakhazikika pa habu. Ndisaiwale, pa malole ambiri akale a ku Britain ndi a ku Japan manati a mbali yakumanzere amamasukira kumanja. Mwana wanu asalimbane nawo ndi chitoliro mpaka kudula bawuti.

Bambo Likaka, Luchenza

Bambo Chikopa, mwachedwa ndi tsiku limodzi, bawuti imodzi yakumanzere yaduka kale dzulo, ndipo wolakwa si mwana koma ine. Mabawuti alipo 8 pa habu iliyonse, ndipo ndayeza ndapeza 275.

Ndayezanso masipuling'i monga ananenera Bambo Namakhwa. Kutsogolo timipando ta ekiselo ya NPR sitikugwirizana ndi masipuling'i a Bedford, ndipo ekiseloyo ndi yaifupi, kotero matayala angalowe m'kati mwa madigadi. Ndinatsegulanso difu ya Bedford kuti ndione ndi maso. Giya lalikulu lili ndi mano 34, laling'ono 5, ndiye 6.8 ija yatsimikizika. Palibe dzino lobenthuka, koma mafuta anali osakanikirana ndi madzi, ndipo ndikagwedeza pamene propshaft imamangidwa pakumveka kusewera pang'ono. Kutsogolo tayala lakumanzere likugwedezeka ndikaligwira pamwamba ndi pansi.

Bambo Namakhwa, Chitakale

Nkhani imeneyo ndi yabwino kuposa mmene mukuganizira, achimwene. Kusewera kwa pa difu ndi mabering'i a giya laling'ono, ndipo mabering'i sagulidwa ndi dzina la galimoto koma ndi nambala yodindidwa pa iwo eni, kotero mukawachotsa mupite nawo ku Limbe kwa ogulitsa mabering'i, ndipo masilo a mafuta muchite nawo chimodzimodzi. Pobwezeretsa pafunika munthu wodziwa kupaka utoto pa mano n'kuona pamene akukhudzana, chifukwa difu yomangidwa mwachisawawa imalira mwezi umodzi kenaka n'kudya mano, ndipo giya la mano 5 ngati limenelo simulipeza pa sitolo. Kugwedezeka kwa kutsogolo kukhoza kukhala bering'i ya habu kapena king'ipini, chitsulo chimene tayala lakutsogolo limakhoterapo. Wina aponde buleki inu mukugwedeza, kukasiya ndi bering'i, kukapitirira ndi king'ipini, ndipo mabushi ake amisiri a makina osemera zitsulo ku Ndirande kapena ku Limbe amatha kusema atsopano.

Ubwino wina wa ekiselo yakumbuyo ya Bedford ndi wakuti kulemera kwa katundu kumakhala pa habu ndi mabering'i ake awiri, shafuti ya m'kati ntchito yake ndi kuzungulitsa basi. Ikathyoka mumaisolola tayala lili pomwepo. Injini ya 4BD1 ndi yaing'ono poyerekeza ndi 330 ya malita 5.4 imene ekiseloyo inapangidwira, ndiye sindikuona chimene chingaithyole.

Tsopano pamene pali ntchito yeniyeni ndi pakati, pa propshaft. Aphunzitsi atiuza kuti injini izipuma pa giya yachisanu, koma propshaft ndiye izithamanga kuposa kale lonse. Kale sinkapitirira maulendo 2,600 pa mphindi, pamene tsopano pa makilomita 70 izizungulira pafupifupi 2,700, ndipo pa 91 ifika 3,500. Chitoliro chachitali chikathamanga chotero chimayamba kukwapula ngati chingwe. Popeza injini ya masilinda 4 ndi yaifupi kuposa ya 6, mpata wochokera ku giyabokosi kufika ku difu utalikanso, choncho propshaft ikhale ya zigawo ziwiri ndi bering'i yapakati yomangidwa pa mtanda wolimba, idulidwe ndi kulumikizidwa pa makina, ndipo iyesedwe kuti isalemere mbali imodzi. Mitanda ya majoini a mbali zonse iyang'ane kumodzi, ndipo kupendekeka kwa injini kufanane ndi kwa mphuno ya difu, apo ayi lole izinjenjemera mpaka magalasi. Pomanga miyendo ya injini ndi mtanda watsopano, musawotcherere kapena kuboola milomo ya pamwamba ndi pansi ya chasisi, chifukwa ndi imene imanyamula katundu ndipo mng'alu umayambira pamenepo. Mabowo aboolodwe pa khoma la m'mbali, zonse zimangidwe ndi mabawuti olimba.

Pa mabuleki, zimene anena agogo zisatayike. Mundiuze ngati a Bedford yanu ndi amafuta othandizidwa ndi vacuum. Ngati ndi choncho, alitaneta ya 4BD1 ili ndi kapampu kumbuyo kwake kamene kangagwire ntchitoyo, koma muikepo thanki yosungira kuti buleki isaume mukaponda kangapo motsatizana. Apa pali chifukwa china chosasakanizira maekiselo, popeza pampu ya buleki ya ku phazi inapimidwa molingana ndi masilinda a m'matayala ake, ndipo mukaika a galimoto ina mbali imodzi imagwira msanga kuposa inzake. Kwa wogulitsa uja, chimene muyenera kukatenga si maekiselo koma buleki ya ku ekizozi ndi mawaya ake, ngati loleyo inali nayo, chifukwa imathandiza injini kugwira pa mtsetse. Buleki ya pamanja ya NPR ili kumchira kwa giyabokosi, ndipo imeneyo sigwira kanthu propshaft ikaduka kapena tayala limodzi likaterera m'matope, kotero ngati ya Bedford imakoka ku matayala akumbuyo musaichotse, mukhale nazo zonse ziwiri.

Aphunzitsi Mulima, Mulanje boma

Pongowonjezera, kuika injini ya Isuzu mu Bedford si kukwatitsa alendo. Bedford inali ya kampani ya Vauxhall, imene inali m'manja mwa General Motors kuyambira 1925, ndipo General Motors yomweyo inagula gawo la Isuzu mu 1971, moti timagalimoto tina ta Isuzu tinkagulitsidwa ndi dzina la Bedford KB. Malole a mtundu wa J anayamba kupangidwa mu 1958, ndipo anapitirira kwa zaka zambiri chifukwa maiko a kuno ku Africa ndi ku Asia ankawafunabe. Ku Pakistan mpaka lero amawakonza ndi kuwakongoletsa. Bambo Likaka musaiwalenso mapepala. Nambala ya injini ikasintha iyenera kukalembetsedwa ku Road Traffic kuti igwirizane ndi buku la galimoto, ndiye musunge kalata yogulira injiniyo, ndipo nambala ya chasisi musaikwirire ndi utoto kapena chitsulo chatsopano, chifukwa popita ku COF, kokayezetsa ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pa msewu, adzaifuna. Kusunga maekiselo ake kukupeputsirani nkhani kumeneko, popeza kulemera kololedwa kolembedwa m'buku kunawerengedwa pa maekiselo ndi matayala omwewo.

Yamikani, Limbe

Ndagonja pa difu, akuluakulu. Koma bambo, utoto wokha musapake wobiriwira ngati wa pa esiteti.

Bambo Likaka, Luchenza

Utoto ukhala wobiriwira womwewo, Yamikani, chifukwa ndi umene mayi anga akuukumbukira. Ndikuthokoza nonse. Maekiselo onse awiri a Bedford atsala, difu ikhala ya 6.8, ndipo ndiyamba ndi matayala a 8.25-20 pa malimu amene Bambo Chikopa awavomereze, uku ndikufunafuna pang'onopang'ono malimu a 22.5 a mabowo a 275. Mabuleki ndi amafuta othandizidwa ndi vacuum monga munaganizira Bambo Namakhwa, ndipo ya pamanja ikupita ku matayala akumbuyo, ngakhale ndodo zake zagwira dzimbiri. Ndayesa kugwedeza tayala mwana ataponda buleki, koma buleki yake ilibe mafuta, ndiye yankho la king'ipini lidikira kaye. Bambo Chikopa, mawu anu a tayala lapadera ndawasunga, ndigula 8 m'malo mwa 7 ngati thumba lilola.

Mayi Nakoma, Bvumbwe

Ngati maekiselo a NPR aja simuwatenga, mundilumikize ndi mwini wake kumbali, chifukwa lole yanga ina difu yake yayamba kulira ndipo 41 ndi 7 ndi nambala yomweyo. Malimu a 16 nawonso ndiwafuna akakhala a mabawuti 6.

Bambo Namakhwa, Chitakale

Achimwene, Loweruka m'mawa ndili ndi ulendo wa ku Thyolo boma, ndiye ndidzera ku Luchenza cha m'ma 9 koloko. Mupezeretu matabwa olimba ndi tcheni bulooko kuti tiilendewetse injini pakati pa chasisi, tione pamene sampu ikudutsa pamwamba pa ekiselo yakutsogolo ndi pamene ndodo ya giya itulukire m'mutu, chifukwa giyabokosi ya NPR imasinthidwa kuchokera patali ndipo pafunika kuipangira njira yake. Musadule kapena kuboola chilichonse ndisanafike. Bawuti yodukayo muigogode ituluke, ndidzapita nayo ku Limbe Lolemba ngati chitsanzo, ndipo muikulunge m'pepala lolembedwa kuti ndi yakumanzere.